Buluku la mnzanga wa ku Boma

Inu amene mumagula buluku pa kaunjika n'kumaliyeza pakhosi, khalani pansi mumve, poti inu kukhala pansi mukutha. Ine tsiku limene ndikunenali kunandikanika kuyambira ku Bolero mpaka ku Boma.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndiye ntchito imene ndinapeza ku ofesi ya bungwe lina la alimi pa Rumphi Boma inali ya tsache ndi ketulo. Ndinasesa, ndinaphika tiyi, mpaka mtsikana wa pa tebulo lolandirira alendo anakwatiwa ku Mzuzu. Apo a Madamu, bwana wathu wochokera ku Zomba, anandiitana.

"NyaMhango, Chitumbuka ndi chanu, Chichewa mumachikoka ndithu, alimi amakukondani. Lolemba mukhale pa tebulo paja. Koma muzioneka ngati munthu wa mu ofesi, osati ngati mukupita kuchigayo."

Iwo sanatchule buluku, ndisawanamizire. Koma m'makutu mwanga "munthu wa mu ofesi" zinamveka kuti buluku. A Madamu amavala akuda aja, owongoka, okhala ndi mzere wakuthwa kutsogolo woti ungadulire tomato, ndipo akamadutsa pakhonde ngakhale fumbi limawapatsa njira. Ine ndinkasesa kumbuyo kwawo ndikudziuza kuti tsiku lina, tsiku lina.

Vuto linali limodzi, apongozi anga aamuna, a Gondwe. Timakhala pamudzi pawo ku Bolero. Ndi mkulu wa mpingo, munthu woti akatsokomola nkhuku zimasiya kupalasa. Ndipo kwathu kuno mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, salankhula nawo ataimirira. Ukangowaona umagwada chapatali, maso pansi, kaya ndi pamatope kaya ndi pakati pa msewu. Tsiku limene anandiloleza ntchito ya ku Boma ananena mawu ochepa: "Pitani, koma muzibwera mmene mwapitiramo. Tikaona zachilendo, khasu lanu likadali pakhonde." Ndiye ine ndinadziwiratu kuti buluku likangooneka, tebulo ndaliluza, ndikubwerera kukapalira fodya. Bambo a kunyumba nditawafunsa maganizo anangoti, "Ine sindinaone kanthu, sindinamve kanthu."

Nzeru yanga inali yosavuta. Buluku mkati, chitenje pamwamba, pofika ku ofesi chitenje m'chikwama. Ndani akanadziwa?

Loweruka m'mawa ndinapita pa kaunjika. Unali mwezi wa Juni, mphepo ija yotsika ku Nyika yoti ukaseka mano amawawa, ndiye ndinali nditavala juzi ya khosi lalitali, pamwamba pake sikafu yaubweya nditaizunguliza mpaka m'makutu. Ndinafukula mulu mpaka ndinalipeza, lakuda, nsalu yolemera, mzere wake ngati wa a Madamu. Koma poyesera panalibe. Pa kaunjika ukavulira kuti, kuseri kwa njinga?

Mayi wogulitsa anandiseka. "Mama, mwayamba lero kugula buluku? Mangani batani, chiuno chakecho muchizungulize pakhosi. Nsonga zikakumana kumbuyo, ndi lanu. Khosi silinama."

Ndinazunguliza. Nsonga zinakumana ndendende ngati zinapangana. Anthu oyandikira anavomereza ndi mitu, wina mpaka anati, "Linasokedwera inu limenelo." Pa anthu onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale mwini khosine, amene anakumbukira kuti tikuyeza juzi ndi sikafu.

Nditafika kunyumba ndinakhoma chitseko n'kulivala. Anzanga, ndinalowamo ine, malo n'kutsala oti alowemo bambo a kunyumba ndi thumba la chimanga. Nditangochotsa manja, buluku linatsika lokha mwaulemu wake mpaka kumapazi. Ndinaima pamenepo ndikuliyang'ana, ilo likundiyang'ana.

Munthu wanzeru akanalibweza. Ine ndinati ayi, telala alipo.

Telala wodziwa ntchito pa Bolero ndi a Msiska, amene makina awo amakhala pakhonde la golosale. Koma a Msiska nawonso ndi mkulu wa mpingo, ndipo Lamulungu amakhala benchi imodzi ndi apongozi anga, mapewa kugundana. Ndikanaima bwanji pakhonde paja, iwo akundizunguliza tepi m'chiuno, msika wonse ukuonerera? Ndiye ndinatenga chingwe chosokera fodya n'kudziyeza ndekha kuchipinda. Ndinali ndisanadye kanthu chidzukireni, ndipo poti m'mawa ndinachita manyazi ndi kukula kwa buluku, tsopano ndinafuna kubwezera. Ndinakoka mpweya, mimba n'kuibweza mpaka inakagunda msana, chingwe n'kuchikoka mpaka ndinaona nyenyezi masana. Pamenepo ndinamanga mfundo n'kudula.

"Monire adada," ndinawalonjera m'Chitumbuka nditagwada pakhonde paja. "Mnzanga wina wa ku Boma wandituma. Akuti mumubwezere buluku ili, muyeso wake ndi uwu."

A Msiska ananyamula chingwe chija m'mwamba ngati afuna aone ngati chili ndi mchira. Anayang'ana chingwe, anayang'ana ine pamwamba pa magalasi, anabwereranso ku chingwe.

"Mnzanuyo amadya?"

"Amadya pang'ono, adada."

"Nanga muyeso wa kumbuyoku uli kuti? Ntchafu? Munthu si chiuno chokha."

"Akuti mungotsata chingwecho mpaka pansi."

"Mpaka pansi," anabwereza a Msiska. "Chabwino. Koma mukamuuze mnzanuyo kuti asamagwade."

Ine ndinaseka nawo, osadziwa kuti ndikuseka maliro anga omwe.

Madzulo ndinakalitenga n'kuliyala pansi pa matiresi kuti mzere uja ukhwime. Kuliyesa? Ndiyeserenji, chingwe ndinayeza ndekha? Komanso Lamulungu pakhomo panadzaza alendo a kumpingo, ndiye linagona pansi pa matiresi mpaka Lolemba.

Lolemba m'mawa ndiye kunali ntchito. Mwendo woyamba unalowa mpaka pa bondo n'kuima. Ndinadzola mafuta miyendo yonse mpaka inawala ngati mandasi. Ndinadumpha, ndinavina, ndinagona chagada pabedi miyendo m'mwamba ngati mphemvu yothiridwa mankhwala. Bambo a kunyumba, aja osaona kanthu, tsiku limenelo anaona zonse, chifukwa zipi anachita kukoka iwo ndi pulayala ya njinga, phazi atatsamiritsa pa bedi.

"Amayi a mwana, vulani ichi, valani siketi," anatero thukuta lili kamukamu.

"Kuvula kwake mukuganiza kuti kutenga nthawi yochepa? Matola andisiya."

Anandidzutsa pabedi ngati akuimika thabwa. Ndinamanga chitenje pamwamba, ndinatuluka ndikuyenda ngati sizasi, mwayi apongozi anali atalawirira kudimba.

Pa siteji, mwendo unakana kukwera pikapu. Amuna awiri anachita kundinyamula m'khwapa n'kundiika pamwamba ngati mtolo wa nzimbe. Mayi wina wachifundo anasendera. "Khalani pa thumba apa, mama."

Ndinayesa kupinda pang'ono, ndipo kumbuyo kunamveka kakulira kakang'ono, kangati mbewa. Ndinawongoka msanga.

"Yewo amama, ndiima. Ndili ndi chithupsa."

Bodza limenelo ndinalilipira. Kuchokera pa Bolero mpaka pa Boma, pikapu yonse inasanduka chipatala. Uyu akuti muikepo phala lotentha, uyo akuti masamba a tomato, bambo wina wa njinga yake pamwamba akufunsa kuti chili mbali iti kwenikweni. Ine nditagwira chitsulo, maso kutsogolo, bampu iliyonse ndikupemphera.

Koma nditafika ku ofesi n'kuchotsa chitenje, zowawa zonse ndinaziiwala. Ndinadziona pa galasi la zenera. Mzere uja! Ndinali ngati munthu woti akhoza kuchotsa wina ntchito. A Madamu atalowa anaima, anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"NyaMhango, mwatchena. Koma mukupuma?"

"Ndikupuma, Madamu. Pang'onopang'ono."

"Khalani pampando wanu watsopanowo, tione."

"Kwathu kuno mlendo timamulandira titaimirira, Madamu."

Bodza lachiwiri limenelo, ndipo alimi amene anali pa benchi anayang'anana, koma a Madamu poti ndi a ku Zomba anangogwedeza mutu n'kulowa mu ofesi mwawo, chitseko chake chili kumbuyo kwa tebulo langa.

Ndinaimirira m'mawa wonse. Cholembera chitagwa pansi ndinachitsanzika. Tiyi atabwera, tiyi amene ndakhala ndikuphikira anthu ena nthawi yonseyi, lero wondiphikira ine, ndinamukana, chifukwa m'kati muja munalibe malo ngakhale a supuni imodzi ya shuga. Miyendo inachita dzanzi mpaka ndinayamba kuiwala kuti ndi yanga.

Kenako kunalowa mayi wina atasenza nyemba m'jumbo, akuti akagulitse kumsika akamaliza za ku ofesi. Jumbo inaphulika pakhomo penipeni, nyemba mbwee pansi ponse. Anthu anathandiza kutola, ine ndikulozera ndi chala ngati kapitawo, poti kuwerama kunalibe. Mayi uja anasowa poika. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa chitenje changa, chishango changa chokhacho pa dziko lapansi.

"Tengani ichi amama, mubweza pochokera kumsika. Ine sindikuchifuna, si mukuona?"

Ndinachita kutembenuka pang'ono kuti aone bwino. Mayi uja anamanga nyemba zake n'kupita, chitenje changa chili pamutu.

Sipanapite nthawi, panja panamveka chifuwa.

Anzanga, pa Rumphi pali anthu ambiri otsokomola, makamaka mu Juni. Koma chifuwa chimenecho ndimachidziwa ngakhale chitamveka pakati pa mabingu. Ndinasuzumira pazenera. Chipewa chija, jekete ya ku tchalitchi ija, ndodo, ndi kajumbo kakuda m'manja. A Gondwe, amene ku Boma amabwera pokhapokha wina akagonekedwa m'chipatala, anali akukwera masitepe a ofesi yathu.

Ndinafuna kulowa pansi pa tebulo, koma wolowa pansi pa tebulo amayamba wapinda. Ndinafuna kuthawa, koma sizasi sithamanga. Tebulo lenilenilo ndi lija la miyendo inayi basi, lopanda thabwa kutsogolo, loti munthu ali pakhomo amakuona mpaka zala. Ndinayang'ana katani ya pazenera, ndinayang'ana nsalu ya pa thireyi ya tiyi, ndinayang'ana ngakhale kalendala. Chitseko chinatseguka.

Ine sindinaganize zogwada. Maondo a mkamwana sadikira kuuzidwa, ali ndi mutu wawowawo. Anangoona chipewa chija, iwo pansi.

Phokoso lake sindidzaliiwala. Linayambira pa lamba kumbuyo, linatsika, linakhota, linakathera pafupi ndi bondo, ndipo silinafulumire ayi, linachita kutenga nthawi yake ngati munthu akung'amba mpukutu wonse wa nsalu pa sitolo ya mmwenye. Batani linauluka n'kukamenya ketulo, ngwee. Mlonda akuti anathamangira kumsewu kukaona galimoto imene yaphulika tayala. Akhwangwala onse a pa Boma anauluka, ena mpaka lero sanabwerere. Ndipo mphepo ya ku Nyika ija, imene inandivalitsa sikafu, inapeza khomo latsopano n'kulowa osaodira.

Chodabwitsa, kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinapuma bwinobwino.

Ndinakhalira zidendene msanga kuti nditseke ngoziyo, manja pamaondo, maso pansi.

"Monire adada."

"Yewo, mkamwana. Mwatandala uli?"

Sanandiyang'ane. Mwamwambo wake anayang'ana kumbali, pa kalendala, ngati akuwerenga masiku a mwezi. Anakhala pa benchi pakati pa alimi, chipewa pabondo, kajumbo pambali, n'kuyamba malonje. Anafunsa za ulendo. Anafunsa ngati pikapu inadzaza. Anandiuza za mbuzi imene yatupa mwendo, za mitengo ya chigafa imene yadyedwa ndi chiswe, za mvula ya chaka chatha. Munthu woti tonse tachokera khomo limodzi m'mawa womwewo! Ine ndikungoti "Yewo adada, yewo adada," mtima ukuti khasu, khasu, khasu.

Alimi aja anayamba kundiyamikira. Gogo wina anati, "A Gondwe, apa ndiye munapeza mkamwana. Ena akangolowa mu ofesi maondo amauma, koma uyu taonani, sakudzuka n'komwe."

"Sadzuka ameneyu," anatero apongozi, maso ali pa kalendala.

Pamenepo foni ya pa tebulo inayamba kulira. Inalira, inalira, anthu onse akundiyang'ana. Ndinayenda ndi maondo chobwerera m'mbuyo, zidendene zisakuchoka pamalo pake, ngati bakha wodwala. Ndinatambasula mkono, ndinaikoka ndi chingwe chake, ndinayankha ndili pansi pomwepo ndi mawu a mu ofesi. Gogo uja anawomba m'manja. "Ngakhale foni akuigwadira."

Ndiye kumbuyo kwanga chitseko cha a Madamu chinatseguka. Kumbukirani kuti alimi ndi apongozi ankaona kutsogolo. A Madamu okha ndi amene anaona mbali imene kunachitikira nkhondo. Ndinamva akukoka mpweya. Chitseko chinatsekekanso, ndipo m'kati muja munamveka ngati munthu akutsamwa ndi fupa la nsomba. Patapita kanthawi anatuluka maso ali ofiira, n'kudzaima kumbuyo kwanga kwenikweni, miyendo yawo ngati mpanda. Mulungu awadalitse mayi amene uja.

"Takulandirani bambo. Tikuthandizeni za feteleza kapena za mbewu?"

"Ayi mama, ine za feteleza ndilibe nazo ntchito lero. Ndangotumidwa."

Anaika kajumbo kaja pansi n'kukakankha ndi ndodo mpaka kanafika pa maondo anga. Ndinatsegula. M'kati munali chitenje cha apongozi anga aakazi, chija chabuluu cha ku umanyano wa amayi a mpingo, chopindidwa bwinobwino. Pamwamba pake panali chingwe chosokera fodya, chili ndi mfundo yanga.

"Dzulo titatuluka m'tchalitchi a Msiska anandipatsa chingwe icho," anatero apongozi, akulankhula ndi kalendala. "Akuti ndi muyeso wa mnzanu wa ku Boma. Amayi anu atachiona anakachiyesa pa mtondo, sichinakwane. Anachiyesa pa mwana wa mbuzi, ndiye chinakwana. Ndiye anati, mnzake wa mkamwanayu safika masana, nyamukani mukamusiyire chitenje. Ndachedwa pang'ono, pikapu inavuta. Mumupatse mnzanuyo."

Ndiye kuti a Msiska ankadziwa. Apongozi aamuna ankadziwa, aakazi ankadziwa, benchi yonse ya akulu a mpingo inkadziwa, mwina ndi mbuzi yomwe. Ine ndinanama za chithupsa, ndinakana tiyi, ndinanyamulidwa ngati nzimbe, kubisa chinthu chimene chinakambidwa kale pabwalo la tchalitchi. Ndipo munthu wamkuluyu, chitenje chili m'jumbo pambali pake, anandisiya ndikugwada mpaka atamaliza nkhani ya chiswe.

"Yewo chomene, adada," ndinatero ndi mawu angati a udzudzu. "Ndimupatsa."

A Madamu anandithandiza kumanga chitenje ndili chogwada, kenako ndinadzuka, miyendo ikubwerera m'thupi pang'onopang'ono. Apongozi anavala chipewa n'kulunjika kukhomo. Ine mtima unali udakali pa khasu, ndipo sindikudziwa kulimba mtima ndinakutenga kuti.

"Adada, nanga mawa mnzangayo abwere ku ntchito?"

Anaima pakhomo, osatembenuka.

"Alekerenji? Zachilendo zimene ndinkanena ine ndi mowa ndi mwano. Koma mumuuze kuti ulendo wina azifunsa amayi anu. Iwo buluku anayamba kuvala inu musanabadwe, kunsi kwa chitenje, Juni aliyense. Mumayesa mphepo ya kudimba ija amaipirira ndi nyimbo? Mabuluku anga onse abwino anathera kumeneko."

Anatsika masitepe akutsokomola. A Madamu anakhala pansi penipeni, pa simenti, ndi buluku lawo la mzere lija, akulira ndi kuseka.

Madzulo nditafika ku Bolero ndinakapereka chitenje kukhitchini. Apongozi aakazi anangoyang'ana uku ndi uku, n'kukweza chitenje chawo pang'ono. Kunsi kwake kunali buluku la suti, lotuwa, lopindidwa m'miyendo, lija limene apongozi aamuna anavala pa chithunzi cha ukwati chili pabalaza.

"Mwana wanga," anatero, "buluku saliyeza pakhosi, pakhosi sipakhala pansi. Ulivale, ukhale, uwerame, ugwade. Likalola zonsezo, ndiye ugule. Ndipo lizisiya malo a chakudya."

Pa tebulo paja ndikadalipo mpaka lero, ndipo mabuluku ndili nawo okwana bwino, oyezedwa ndi tepi, chiuno, mbina ndi ntchafu zomwe, nditadya kale. Khosi langa linapuma pa ntchito ya utelala, chingwe cha fodya chinabwerera ku fodya. Ndikapita pa kaunjika ndimavala buluku kunsi kwa chitenje n'kugwada pomwepo pamaso pa wogulitsa, ena amayesa ndikupempha kuti anditsitsire mtengo, ena amayesa ndagwidwa ndi mzimu. Aziyesa.

Chimene chatsala ndi a Msiska basi. Ndikamadutsa pa golosale paja amaimitsa makina, amandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kufuula kuti msika wonse umve:

"NyaMhango, mnzanu uja wa ku Boma ali bwanji? Chithupsa chinapola?"